Laibulale Yonunkhira Vitumbuwa

Dixon wa ku Marapodi analanda katundu wa mlamu wake Philomena maliro asanazizire. Ndayamba ndi dzina lake kuti musadzanene kuti Elesi amalankhula mozungulira. Anatenga bedi, matilesi, wailesi, mapoto, mpaka chingwe choyanikira zovala anachimasula pamtengo n'kuchikulunga bwinobwino ngati chake. Ine ndinalipo. Nanenso ndine wamasiye, ntchito ya alamu ndimaidziwa.

Inu amene mumakonda nkhani zolimbikitsa, khalani pansi. Iyi ikulimbikitsani. Koma kumapeto kuli funso, ndipo mundiyankha.

Malemu Goliati, mwamuna wa Philomena, anali kamunthu kochepa thupi. Chachikulu pa iye linali dzina lokha. Ankagwira ulonda kumafakitale, ndipo matenda ake anali amodzi: mabuku. Anzake akalandira ankathamangira kubala, iye ankapita m'tauni kukagula mabuku akale aja amayalidwa pansi m'mbali mwa msewu. Ankawasunga m'makatoni pansi pa bedi.

Dixon atanyamula bedi anaona makatoniwo, maso n'kuwala. Anatsegula, n'kupeza mapepala okhaokha.

"Ivi ni vichani?"

"Ni mabuku ya m'bale wanu," anatero Philomena.

"Mabuku badya? Nkalani nayo, mulamu. Musazakambe ati sitinakusiyileni kanthu."

Galimoto inapita. Philomena anatsala m'chipinda chopanda kanthu kuno ku Kanyama, mwana kumsana, atakhala pa katoni. Ndipo muone nkhanza zake: munthu amene anamusiyira mabuku anali woti Giledi 7 anailephera, aphunzitsi ankamutcha chikopo, mutu wouma. Kuwerenga kwake kunkathera pa zikwangwani za mabasi. Kunali ngati kusiyira munthu wopanda mano thumba la chimanga chokazinga.

Ine ndimagulitsa tomato ndi malasha pomwe mabasi amatembenukira. Ndinapita kwa iye ndi poto ndi mbaula.

"Lila mpaka pa Chisanu," ndinamuuza. "Pa Chibelu tiyamba kukazinga vitumbuwa."

Loweruka analidi pambali panga, maso otupa, mafuta ali pamoto.

Tsopano aliyense wa mu Lusaka akudziwa kuti chitumbuwa sichiperekedwa chamaliseche. Chimakulungidwa m'pepala. Ena amagula nyuzipepala zakale, koma Philomena analibe yogulira. Anayang'ana makatoni aja, n'kunena kuti, "Ba Goliati, munikhululukile." Anayamba kung'amba. Ankang'amba kuyambira kumbuyo kwa buku, chifukwa kumbuyo n'kumene masamba amathothoka mosavuta. Zikuto zinali zolimba, zosakulungika, ndiye ankaziponya m'thumba kuti azikupizira mbaula.

Linatha buku la kawetedwe ka nkhuku, palibe analankhula. Linatha la mapu a mayiko, zii. Anatha a Chingerezi, palibe ngakhale anatsokomola. Pomaliza panatsala limodzi, lonenepa, la Chinyanja.

Mmawa wina anabwera Ba Kasonde, owotcherera zitsulo, atagwira pepala lamafuta ndi zala zawo zakuda.

"Ba Philomena, niuzeniko. Uyu mudala anafa mailo. Ninabelenga neka, banamushika. Manje lelo ali pa njinga, ayenda ku maliketi. Ni mfwiti?"

Philomena anandiyang'ana. Tonse tinaganiza kuti utsi wa zitsulo wawalowa m'mutu.

"Mudala uti, Ba Kasonde?"

"Wa mu pepa! Nipaseni vibili, koma mukulunge chimozi chimozi."

Buku lonenepa lija linali nkhani ya mayi wina dzina lake Mwiche, amene mwamuna wake anapita kumigodi n'kumusiya ndi mimba, osalemba kalata, osatumiza ngakhale sopo. Nkhani yokoma kwambiri. Koma poti Philomena ankang'amba kuyambira kumbuyo, Kanyama yense ankaiwerenga chobwerera. Akufa ankadzuka. Nkhalamba zinkamera mano. Ana ankabadwa ukwati usanachitike. Ichi chomalizachi sichinadabwitse munthu aliyense kuno.

Mbiri inawanda. Anthu anayamba kugula chitumbuwa chifukwa cha chovala chake. Ba Rosemary a saluni, amene kuchipatala anawaletsa zamafuta, ankagula n'kupatsa galu chitumbuwacho, pepala n'kulipinda m'kamisolo. Makondakitala ankasinthana masamba pawindo basi ikuyenda. Tsiku lina Ba Rosemary ndi Ba Kasonde anatsala pang'ono kumenyana, chifukwa wina anali ndi tsamba limene Mwiche akuyankha apongozi ake, wina ali ndi tsamba limene apongozi akumutukwana.

"Nibwelekeniko yanu, nione vamene banamukamba!"

"Gulani yanu! Ine galu wanga anavutika kudya kuti nipeze iyi!"

Ine tomato wanga ankangofota. Ndinayesa kukulunga m'nyuzipepala, kasitomala n'kundibwezera ati za ndale anazimva kale pawailesi.

Koma Philomena sankaseka. Aliyense wobwera ankamufunsa za tsamba la mawa kuti, "Manje mailo kuzachitika chani?" Iye osadziwa. Mwini buku, wogulitsa nkhani, osadziwa kuti Mwiche ndi ndani. Manyazi anamugwira mpaka anayamba kuonda.

Tsiku lina ndinamva fungo la kupserera. Ndikayang'ana, vitumbuwa vada ngati malasha anga, Philomena waweramira pepala, chala chili pa mzere, milomo ikugwedera.

"Iwe! Mafuta!"

"Lindilani, Ba Elesi. Ili liu ni chani?"

Ine sukulu ndinasiyira Giledi 5. Tinalimbana nalo liwu limenelo ngati azimayi awiri akukokerana diresi la salaula pamulu wa kaunjika, mpaka linatuluka. Kuyambira tsiku limenelo, tsamba lililonse ankayamba waliwerenga asanakulungire. Mzere unkatalika, anthu ankadandaula, vitumbuwa vinkapserera. Ankadya chomwecho. Mwezi woyamba tsamba limodzi linkamutengera mmawa wonse. Kenako chala chinayamba kuthamanga. Kenako milomo inasiya kugwedera.

Linafika tsiku limene tsamba loyamba la buku linapita. Analigula Ba Kasonde. Anawerenga mokweza pomwepo: Mwiche ali kamtsikana, akutunga madzi, sanaonepo vuto lililonse.

"Yasila?" anafunsa Ba Kasonde, mawu akunjenjemera. Bambo wamkulu wandevu.

Apa ndi pamene Philomena ananena mawu amene anasintha moyo wake.

"Siinasile. Apa ndiye poyambila. Bweletsani mapepa yonse, tiibelenge bwino monga bantu."

Abale, masamba anabwera. Ena anachokera pansi pa matilesi, ena m'kati mwa Baibulo, ena pakhoma la ometa tsitsi. Ba Kasonde awo ankasunga m'chisoti chowotcherera. Anthu ena mwachangu anabweretsa ndi a nkhuku omwe, ndi a mapu. Philomena anatenga singano yosokera matumba ndi ulusi wa thumba la ufa, n'kuyamba kusoka. Buku limodzi linatuluka losakanizika, ndipo lilipo mpaka lero: ukuwerenga za chitopa, ukatembenuza tsamba uli m'chipululu.

La Mwiche linabwerera lonse, kupatula tsamba limodzi. Lomaliza. Lija linapita ndi chitumbuwa choyamba kukulungidwa m'bukulo, anthu asanadziwe kuti m'mapepalamo muli nkhani. Ndipo tamvani pamene buku limathera. Mwamuna uja wabwera kuchokera kumigodi patapita zaka zambirimbiri, wagogoda. Mwiche waphula poto wa madzi owira pamoto, wapita nawo kukhomo, watsegula chitseko. Basi. Pathera pomwepo.

Madziwo anali omusambitsa kapena omuthira kumaso? Kanyama anagawanika pakati. Azimayi a mvano amati anali osamba. Ine maganizo anga mukuwadziwa kale.

Laibulale inayamba chomwecho, ndi mabuku osokedwa, benchi imodzi imene Ba Kasonde anawotcherera ndi zitsulo zotsala, ndi ndowa yovundikira. Ndowa inali yofunika, chifukwa buku lamafuta makoswe amalikonda kuposa mmene Ba Kasonde amalikondera.

Musaganize kuti zinayenda myaa. Mvula ya ku Kanyama mukuidziwa. Pansi pano ndi mwala, madzi alibe kolowera, ndiye amalowa m'nyumba. Chaka choyamba madzi anafika m'mawondo. Anthu ankapulumutsa ma TV ndi masofa. Philomena anaima pa buloko, mwana kumsana, ndowa ya mabuku pamutu, mpaka madzi anatsika. Ena ankamuseka kuti wapenga. Koma akanapulumutsa chiyani china? Zonse anapulumutsa kale Dixon.

Amene anakulitsa laibulale si azungu, si mabwana. Ndi azimayi ogwira ntchito m'nyumba za ku Kabulonga. Madona akamataya mabuku a ana awo, iwo ankatola m'bini, kupukuta, kubwera nawo m'chitenje. Mphunzitsi wina wopuma anabweretsa mapepala a mayeso akale. Bala ina itatsekedwa, mwini nyumba anati bola mabuku, samenyana ndipo sakodzera khoma, n'kupereka chipindacho. Kalipentala wa ku Kalingalinga anakhoma mashelefu kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba, pansi n'kusiyira madzi malo awo.

Philomena naye anabwerera kusukulu. Mayi wamkulu anakhala pa desiki limodzi ndi ana, mawondo osakwana pansi pake. Anamuseka. Anapitabe. Giledi 7 ija inamukana kale anaigwira pakhosi, kenako Giledi 9.

Lero mukabwera mupeza izi. Buku mutha kubwereka n'kupita nalo kunyumba, bola anthu awiri oyandikana nanu abwere adzanene kuti amakudziwani ndipo simusamuka mwakachetechete. Ana a mayeso ali ndi tebulo lawo kopanda wailesi, kopanda wowatuma kukagula sopo. Nyuzipepala ilipo, ya dzulo, koma nkhani sizivunda. Magetsi akapita pali nyali ya sola. Loweruka ndi la ana aang'ono. Lachitatu masana Philomena amawerengera mokweza achikulire amene maso anatopa. Pakhomo pali beseni, ndipo pa beseni pali ine. Lamulo ndi limodzi: samba m'manja, ndipo chitumbuwa sichilowa muno. Ee, tikudziwa. Musatiseke.

Ndiye anabwera anyamata a wailesi ya m'dera, n'kuulutsa kuti ku Kanyama kuli laibulale ya mayi wamasiye, yoyamba ndi mabuku a malemu mwamuna wake. Mawu amenewa anayenda mpaka ku Marapodi, n'kukatulukira mu wailesi ya Goliati, m'nyumba ya Dixon.

Dixon anabwera Lachitatu, achikulire atakhala kale pa benchi, mitambo itada. Anabwera ndi bambo wa wilibala. Anavala nsapato zosongoka ndi jekete la malemu. Ndinakuuzani kuti Goliati anali wochepa thupi. Manja a jekete ankathera m'zigongono.

Anadutsa beseni langa osasamba.

"Mulamu, nabwela kutenga mabuku ya m'bale wanga."

"Yati, mulamu?" anafunsa Philomena mofatsa.

"Yonse. Na mashelufu. Nkhuku ikankala yanga, na twana twake ni twanga."

"Si munanipasa mweka?"

"Ninakusungisani chabe. Ndine mukulu wa banja. Mukakana, tizaonana ku khoti."

Ine ndinali nditanyamula kale beseni.

"Ba Elesi, ikani beseni pansi," anatero Philomena osatembenuka n'komwe.

Ndikuuzeni zoona, tinachita mantha. Ife amasiye tikamva mawu akuti khoti, timadziwa kuti zathu zapita. Ana a mayeso anasiya kulemba. Agogo ena anayamba kupemphera. Ntchito ya zaka zonsezi inali pafupi kukwera wilibala. Dixon anatambasula dzanja, jekete n'kulira kumsana, n'kutsitsa buku la Mwiche pa shelefu.

Ba Kasonde anadzuka pang'onopang'ono.

"Bosi, tengani. Koma munisiyile yanga."

"Yanu chani?"

"Mapepa yanga. Yonse yamene yali na chala chakuda pa kona. Ninagula neka, pamozi na chitumbuwa."

"Na yanga!" anakuwa Ba Rosemary pawindo, chipeso chili m'manja, kasitomala atamusiya mutu theka. "Nunshani, yanunkhila mafuta ya sisi. Funsani galu wanga!"

Agogo ena anati awo ndi aja odontha phula la kandulo. Kondakitala wina anati ake ndi aja analembapo nambala ya mtsikana. Aliyense ankadziwa tsamba lake ngati mmene mayi amadziwira mwana wake pagulu. Ba Kasonde anatembenukira kwa bambo wa wilibala.

"Ba wilibala, imwe simuli mbali ya muntu. Pepa yamene bakulungilamo chitumbuwa ni ya ndani? Ya wogulisa olo ya wogula?"

Bamboyo anakanda mutu. "Ni ya wogula. Olo mwana aziba."

"Iwe, nakulemba nchito ni ine!" anakalipa Dixon.

"Ya kunyamula, bosi. Osati ya kunama."

Ba Kasonde anati, "Mwamvela? Nkhuku yanu tinadya kudala. Aba bana ni ba komboni."

Dixon anatuluka thukuta. "Manje va m'bale wanga vili kuti? Kulibe chinasala?"

"Chiliko, mulamu," anatero Philomena.

Analowa kuseri, n'kutuluka ndi thumba lija. Analikhuthula pamapazi pake. Zikuto zokhazokha, zakuda ndi utsi, zina zopserera m'mbali.

"Ivi sininagulise. Ni vanu. Vikupiza bwino mbaula."

Chiseko chimene chinaphulika m'chipindamo, ngakhale nthawi ya bala sichinamvekepo. Bambo wa wilibala anafuna zake ngakhale sananyamule kanthu, n'kuthawa mvula. Dixon anafika pakhomo kuti atuluke mwaulemu, mvula n'kugwa. Ya ku Kanyama. Posakhalitsa msewu unasanduka mtsinje. Anayang'ana madzi, anayang'ana nsapato zake zosongoka, n'kukhala kumapeto kwa benchi, nkhope kunja.

Philomena anatola buku la Mwiche, n'kupukuta.

"Lelo ni Chitatu," anatero. "Tinalekezela pati?"

Anali atafika mutu womaliza. Anayamba kuwerenga, wopanda chala, mawu ali gwa, mayi uja ankatchedwa chikopo. Mwamuna wagogoda. Mwiche sanatsegule msanga. Akumuuza ali kuseri kwa chitseko zonse zimene abale ake anamulanda iye atapita: mbuzi, makasu, mphasa, mpaka mtondo.

Khosi la Dixon linayamba kutembenuka lokha. Kenako thupi lonse. Philomena atafika pa mtondo, Dixon anamenya benchi.

"Mpaka mutondo? Aba bantu balibe nsoni!"

Tonse tinangoyang'ana jekete.

Philomena anapitiriza. Mwiche waphula poto. Nthunzi ikufuka. Wafika pakhomo. Watsegula. Philomena n'kutseka buku.

"Pitilizani!" anatero Dixon.

"Yasila, mulamu."

"Yasila bwanji? Anamuthila olo anamusambika?"

"Pepa yosilizila kulibe."

"Kulibe? Ndani anang'amba buku ya bwino so?"

"Muntu wamene banamusiya alibe na poto," ndinayankha ine. Beseni ndinali nditaika pansi, koma pakamwa palibe anandiuza kuti ndiike pansi.

Za khoti sanazitchulenso. Mabuku onse ali pa mashelefu awo. Koma tamvani tsoka langa. Kuyambira tsiku limenelo Dixon amabwera Lachitatu lililonse, mabasi awiri kuchokera ku Marapodi. Amasamba m'beseni langa. Amakhala pa benchi pathu. Wawerenga la nkhuku mpaka m'chipululu. Ndipo asanakhale pansi amafunsa kuti, "Ba Elesi, ija pepa yapezeka?" Chingwe choyanikira anabweza, atachikulunga bwinobwino. Bedi mpaka lero. Philomena amati musiyeni, laibulale ndi ya aliyense. Philomena ali ndi mtima wabwino. Ine ndilibe, ndipo sindikuufuna.

Tsono iwe amene ukuwerenga uli pa katoni, anakulanda zonse n'kukusiyira zimene anaziona ngati zinyalala, tsegula katoniyo. Iwe amene anakutcha chikopo, ika chala pa mzere, vitumbuwa vipserere, anthu adya chomwecho. Mayi amene sankatha kuwerenga pepala la m'manja mwake, lero nkhalamba zimamudikira pa benchi, ndipo mlamu wake amakwera mabasi awiri kudzamumvera. Osataya mtima.

Ndamaliza kukulimbikitsani. Tsopano funso langa.

Pali munthu mu Lusaka muno amene anagula chitumbuwa kwa mayi wamasiye, mmawa wina, pomwe mabasi a ku Kanyama amatembenukira. Munadya, munapukuta pakamwa, munapita ndi tsamba lathu. Ngati lili pansi pa matilesi, bweretsani, sitikumenyani. Ngati munayatsira mbaula, bwerani mudzanene. Ngakhale munapita nalo kuchimbudzi, anthu amawerenga kumeneko, tikudziwana, bwerani mutiuze zimene munaona. Ine ndatopa kutungira Dixon madzi osamba m'manja, ndipo sachoka pa benchi mpaka adziwe.

Mwiche anamusambitsa kapena anamuthira? Ndili pa beseni kuyambira mmawa. Ndiyankheni!